Musatsegule kwa Tamou

Kwathu, 26 Febuluwale 1996

Zhor mwananga,

Mtendere ukhale nawe. Kuno tili bwino, kupatula bondo la mayi ako limene likulosera mvula kuposa a pa wailesi. Ramadani yatha, Idi yadutsa, kalata yako sitinaione. Kodi ku Lyon anatseka positi ofesi, kapena sukulu ya udokotala wa nyama imaletsa kulembera makolo? Utiuze ngati ukudya, ndiponso ngati chifuwa chija chinatha.

Chimene chandigwiritsa cholembera ndi ichi: Tamou ali ndi bere. Ndawerenga kuyambira m'Disembala, pamene anasiya kumuomba mbama Mbarek, ndipo masiku zana limodzi ndi khumi akukwana kumapeto kwa Malichi. Mimba yatsika, mawere ayamba kuonekera. Mbarek yekha ndiye alibe nazo ntchito, akungogona tsiku lonse miyendo m'mwamba ngati mwamuna aliyense.

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu ndakhala ndikusesa makola a mikango kumalo osungira nyama a tauni ino, koma mantha ngati awa sindinakhalepo nawo. Ukudziwa kuti mikango ya kumapiri kwathu inatha m'tchire agogo ako ali anyamata. Yatsala ndi ya m'makola yokha, ndipo kuno wamphongo ndi Mbarek, waukazi ndi Tamou basi. Tamouyo ali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Bere ili likapita pachabe, lina sindikuliona. Kawiri konse waswa, kawiri konse ndakwirira ana ake kuseri kwa nyumba ya udzu. Oyamba anawagonera, achiwiri anangowasiya osawayamwitsa.

A Si Tahar, bwana wathu, auza kale atolankhani. "Bouazza," akutero, "ulendo uno tituluka m'nyuzipepala ndi chithunzi chomwe." Ine ndinati, "Bwana, ali ndi bere ndi Tamou, si inu ayi." Sanaseke.

Tsono iwe wowerenga mabuku olemera kuposa mwana wa nkhosa, akuti chiyani za mkango wosadziwa kulera? Sindikufunsa chifukwa choti ntchito yanga sindiidziwa. Ndikungofuna kumva.

Bambo ako,
Bouazza

Lyon, 7 Malichi 1996

Ababa,

Mtendere ukhale nanu, inu ndi Amayi. Mundikhululukire, anali mayeso. Chifuwa chinatha, ndipo ndikudya, ngakhale kuskusi wa kuno ndi mchenga weniweni.

Nkhani ya Tamou yandisowetsa tulo, ndiye ndilemba mosapsatira. Mbarek mumuchotse pafupi tsopano lino. Kachipinda kamkati mukatchinge ndi matabwa mbali zonse, pasatsale ngakhale kabowo ka diso. Muikemo udzu wouma wambiri, kenako musalowemonso, ngakhale kukasesa. Fungo lisakudetseni nkhawa, iye amalifuna. Nyama muziika panja, m'bwalo lake, ndipo woika mukhale inu nokha, nthawi yomweyomweyo tsiku lililonse. Akaswa, sabata zisanu ndi imodzi pasakhale womusuzumira, pasakhale phokoso. M'tchire mkango waukazi umachoka pagulu, kukabisa ana m'mapanga, n'kudzawatulutsa wokha akayamba kuyenda. Ukaona kuti malo adziwika, umawanyamula pakhosi kukawabisa kwina. M'khola mulibe kwina.

Ana anayi aja, Ababa, anaphedwa ndi maso a anthu. Ndikukumbukira mukupita ndi tochi kukawawerenga, Allal mnzanu wa kuntchito akugwira chitseko, bwana ali kumbuyo kwanu ndi alendo ake. Komanso Tamou anakulira m'khitchini mwathu, pa botolo, m'manja mwanu. Nsapato zanga za kusukulu anatafuna ndi iye. Sanayamwepo kwa mayi ake, ndipo mikango yoleredwa chotero kawirikawiri imavutika kulera. Imafunika mpata woti idzipezere yokha chochita.

Chonde mundilembere tsiku lomwelo akadzaswa. Bondo la Amayi muzilithowa ndi mafuta a azitona ofunda.

Mwana wanu,
Zhor

Kwathu, Lachisanu, 29 Malichi 1996

Zhor, diso langa,

Ndine mayi ako. Akundilembera ndi Lalla Habiba, aphunzitsi a m'nyumba ya pamwamba, ndipo ndawauza alembe mmene ndikunenera, asakonze. Uli bwanji? Jekete ija ukuvala?

Iwe mwana, unalembamo chiyani m'kalata muja? Bambo ako anaiwerenga kawiri, n'kuipinda, n'kuitsindira pansi pa chitini cha shuga. Akuti, "Wamva, Yamna? Ana a Tamou ndinapha ndine. Atero adokotala a ku Falansa." Ndinati, "Aa, inunso, mwana sanatero." Akuti, "Watero mwaulemu. Ophunzira amabaya munthu choncho." Sabata ziwiri dzina lako silinatchulidwe m'nyumba muno. Koma m'mawa mwake anazula thabwa la pashelefu yanga, n'kupita nalo kuntchito. Mapoto anga mpaka lero ali pansi.

Tsono imva zabwino. Tamou waswa dzana, Lachitatu! Bambo ako sanaone, angomva. Akuti anaika khutu pathabwa, n'kumva timawu tiwiri ngati ta ana a mphaka. Atabwera kunyumba, tiyi anathira pambali pa kapu.

Dzulo ndinawapeza akumasula nkhosa yathu yamphongo ija tikusungira Idi yaikulu. Ndinati, "Mukupita nayo kuti, abambo inu?" Akuti, "Anayi aja ndinawakwirira opanda dzina, opanda nkhosa, ngati zinyalala. Mwana akakwanitsa masiku asanu ndi awiri timamuphera nkhosa, timamutcha dzina, kuti akhazikike pansi pano. Zhor tinamuchitira, taona wakula mpaka akundiphunzitsa ntchito. Awanso ndiwachitira." Iwo amafuna akaiphe mwakachetechete kuseri kwa nyumba ya udzu, atchule mayina chapansipansi, nyama agawire osauka a pamzikiti.

Ine ndinangouzako mkazi wa Allal yekha, kunyumba yosambirako amayi a m'dera lino. Sindidziwa inayenda bwanji, koma pofika madzulo inali itafika kwa a Si Tahar, ndipo akondwa kwabasi. Akuti mwambo wa ana a mkango wa dziko lathu sungachitike mobisa ngati wakuba. Lachiwiri likubwerali kukhala phwando. Aitana oimba ng'oma ndi zitoliro, ana a sukulu, atolankhani, ndipo mayina adzatcha ndi mkazi wa bwanamkubwa wa chigawo. Ine andipatsa kuphika kuskusi, mbale zazikulu zisanu! Ndibvala kafutani wobiriwira uja ndinavala paukwati wa msuweni wako.

Bambo ako okha ndiwo sakuoneka okondwa, koma umawadziwa. Ukanakhala pafupi ukanatithandiza kusankha mayina. Uwalembere mawu ofewa, ndi munthu wamkulu.

Mayi ako,
Yamna

Lyon, Loweruka, 6 Epulo 1996

Ababa, Amayi,

Kalata ya Amayi yafika lero. Lachiwiri limene mukunenalo linadutsa masiku anayi apitawo, ine ndili m'kalasi kujambula mafupa a hatchi, osadziwa kanthu.

Ng'oma? Zitoliro? Pa tsiku lachisanu ndi chiwiri, ana asanaphenye n'komwe bwinobwino? Ababa, ndiuzeni kuti munakana. Ndiuzeni kuti kunagwa mvula, kapena galimoto ya bwanamkubwa inafera panjira.

Ndaimba foni katatu kugolosale ya Si Hmad. Kawiri anatuma munthu kunyumba, n'kubwera ndi yankho loti Ababa akuti sabwera. Kachitatu Si Hmad anangoti, "Kunali chipwirikiti, mwana wanga, uzimva kwa eni ake," n'kudula. Ku ofesi ya a Si Tahar akuti bwana ali pamsonkhano.

Ngati mwandikwiyira, kwiyani, ndinalemba mwamwano. Koma musandilange ndi kukhala chete. Sindikutha kuwerenga ngakhale tsamba limodzi. Ana a Tamou ali moyo?

Zhor

Kwathu, 8 Epulo 1996

Zhor,

Mtendere ukhale nawe. Si Hmad akuti unaimba. Sindinabwere chifukwa zimene ndili nazo sindinganene nditaimirira pakati pa matumba a ufa, theka la msewu likumvetsera.

Ndinachonderera kuti oimba akhale kutali, kubwalo la ngamila. A Si Tahar anati, "Bouazza, nkhosa ndi yako, mwambo wayambitsa ndiwe, lero ukufuna kuuthawa?" Anawaika mapazi khumi kuchokera pakhoma la Tamou. Mkazi wa bwanamkubwa atafika anati akufuna aone anawo ndi maso. Ndinalowa m'kanjira ka kuseri kwa makola, n'kudzikhomera mkati. Anagogoda, anandiitana dzina, bwana anandiopseza. Sindinatsegule. Ndinkayesa kuti ndapambana.

Koma ng'oma sizifuna kiyi. Zitayamba, amayi n'kuyamba nthungululu, ndinamva Tamou akudzuka. Ankayenda uku ndi uku, akugunda matabwa. Kenako anatulukira m'bwalo lake, pamaso pa anthu onse, mwana mmodzi ali kukamwa.

Anthu anaomba m'manja, mwananga. Ankati akuwaonetsa mwana. Oimba anawonjezera mphamvu, mkazi wa bwanamkubwa anafuula kuti dzina lake ndi Saad, mayi ako analira ndi chimwemwe. Ine ndinathamanga kuzungulira, ndikukuwa kuti, "Lekani! Lekani ng'omazo!" koma ndani akanamva? Tamou sankaonetsa munthu kanthu. Ankafuna pobisa. Anazungulira bwalo lija, kukona, kumwala, kuchitseko cha Mbarek, kubwereranso kukona, mwana akulendewera. Pamene ndinalanda ndodo ya woimba wamkulu n'kuithyola, nthawi inali itapita. Anthu atabalalika iye anazungulirabe mpaka nthawi ya pemphero la swala ya masana itadutsa. Pomutula pafupi ndi chomwera madzi, mwana sankagwedezeka. Anamunyambita kanthawi, n'kulowa mkati.

Chithunzi chinatuluka m'nyuzipepala. Ndi chokongola ndithu. Amene sadziwa sangaone kuti khosi lapindika.

Ndamukwirira pambali pa anzake aja. Uyu ali ndi dzina, ali ndi nkhosa. Unanena zoona, ndipo ulendo uno sindinachite kugwira tochi, ndinachita kuitana tauni yonse.

Watsala mmodzi, mkati. Kuyambira Lachiwiri sindinamvenso mawu ake. Bwana akuti Tamou akatuluka kukamwa madzi titsitse chitseko chachitsulo kumbuyo kwake, tilowe, timutenge mwanayo ngati ali moyo. Akuti, "Unalera mayi ake pa botolo, uleranso uyu." Chitsekocho chimatsika ndi unyolo. Unyolowo ndaumasula, ndabwera nawo kunyumba, ndipo chitseko ndachikhomerera m'mwamba ndi zichiri. Popanda ine palibe angamutsekere Tamou panja.

Koma sindikudziwa ngati ndikuchita bwino. Mwina kamwanako kakufa ndi njala kuseri kwa thabwa la mayi ako, ine ndikulondera. Tamou amatuluka kamodzi patsiku, amadya pang'ono, n'kubwerera msanga. Dzulo ndinaona ngati ubweya wozungulira bere limodzi ndi wonyowa, monga umakhalira mwana akamayamwa. Kapena ndi maso anga amene akuona zimene akufuna.

Tsopano ndikufunsa zenizeni. Nditsegule?

Bambo ako

Lyon, 16 Epulo 1996

Ababa anga,

Ndawerenga kalata yanu pamasitepe, sindinafike nayo kuchipinda. Ndikhululukireni mawu aja. Mukanapanda botolo lanu, bwenzi Tamou kulibe, ndipo bwenzi tilibe choti tizikanganirana.

Ndafunsa aphunzitsi anga awiri. Wina akuti tsegulani, mwana wamoyo pa botolo aposa wakufa pa bere. Winayo akuti mukatsegula, ngakhale mumupeze wamoyo, Tamou sadzamulandiranso, ndipo mudzakhala ndi mkango wina wosadziwa kulera. Mabuku athera pomwepo, Ababa. Zotsalazo ndi inu ndi ine.

Ine ndikuti musatsegule. Mkango subwerera msangamsanga kuchipinda chopanda kanthu. Ndipo pali chizindikiro china. Mkango waukazi ana ake onse akafa, sipapita nthawi yaitali, umafunanso wamphongo. Muziona ngati Tamou akudzikhuza pazitsulo za kwa Mbarek, kugubuduka pamaso pake, kumuitana. Akayamba zimenezo, tsegulani, mukatenge mtembo. Ngati sakumulabadira, ndiye kuti ali ndi womulabadira mkatimo.

Ndikalakwitsa, talakwitsa awiri. Musasenze nokha.

Zhor

Kwathu, 25 Epulo 1996

Mwananga,

Ndine mayi ako, dzanja ndi la Lalla Habiba. Uli bwanji kumeneko? Kuno ndiye ayi.

Bambo ako anawachotsa ntchito pa 12, kalata yako isanafike. A Si Tahar anawaitana, akuti, "Unyolo uli kuti?" Iwo akuti, "Uli pabwino, bwana." Akuti, "Ndiwe wantchito kapena ndiwe mwini mikango?" Iwo akuti, "Mwini wake ndi Mulungu, ine ndi inu tonse ndife osesa." Basi, anawalanda makiyi ndi ovolosi pomwepo. Zaka zonse zija, anatuluka ndi kapu yawo ya tiyi yokha. Unyolo uli pansi pa bedi, ndimaupunthwa tsiku lililonse.

Bwana aitanitsa unyolo wina ku Casablanca. Woyamba unabwera waufupi, chifukwa anayeza ndi Allal, ndipo Allal akuti maso ake ayamba kuvuta. Mulungu amudalitse ndi maso ake ovutawo. Koma wachiwiri ayeza okha a Si Tahar, ndipo ubwera tsiku lililonse.

Bambo ako akachoka kumzikiti m'mawa sabwera kunyumba. Amakakhala pamwala kunja kwa mpanda, mbali ya makola, mpaka dzuwa litawaotcha. Oyendetsa matakisi ayamba kuwaseka, akuti, "Si Bouazza, mkazi wachiwiri wakutsekerani panja?" Allal amawaponyera mawu pampanda. Masiku onsewa amati Tamou sakumuyang'ana n'komwe Mbarek. Koma dzana akuti anaima nthawi yaitali pazitsulo za kwa Mbarek, akununkhiza. Sanagubuduke, anangoima. Bambo ako atamva sanadye, ndipo kalata yako aiwerenga mpaka yang'ambika popinda.

Idi ndi Lolemba, nkhosa tilibe, koma zimenezo sizikundiwawa. Chikundiwawa ndi pakamwa pangapa. Ndinalulutira mwana akufa, Zhor, nditavala kafutani wobiriwira. Lalla Habiba akuti ndisalembetse zimenezi, koma ndati alembe.

Utipempherere.

Mayi ako

Kwathu, 11 Meyi 1996

Zhor mwananga,

Mtendere ukhale nawe. Mayeso ayenda bwanji? Mayi ako akupereka moni.

Unyolo wa bwana unafika Lachinayi, ndipo amisiri anati adzaumangirira Lolemba. Dzulo Allal anabwera kunyumba akuthamanga, munthu wa mimba ngati ija, n'kuima pakhomo akupuma ngati bulu. Ndinati, "Nena, wafa?" Akuti, "Valani nsapato, achimwene, mafunso mukafunsa konko."

Ndinalowera pachipata cha alendo, pamzere, kumbuyo kwa banja lina la ku Fes. Mlonda anayang'ana kumbali. Mbali imeneyo ya zitsulo sindinaimepo ngati mlendo chiyambire, ndipo makola amaoneka aang'ono ukaima kumeneko.

Tamou anali atagona pakhomo la kachipinda, waonda, nthiti zikuwerengeka. Anatulutsa kamawu kapansipansi, kamene sindinamumvepo akuchita zaka khumi ndi ziwiri zonsezi. Ndiye mumdima muja munatuluka kanthu ka mawangamawanga, miyendo ikuluikulu, mimba ili tantha ngati ya mwana wa mwini golosale. Kanayenda mapazi anayi, kanagwa, kanadzuka, n'kukaluma mchira wa mayi ake. Ndi kakakazi, Zhor. Allal anakaona bwino pamene kankagubuduka.

Bwana anali pomwepo, manja kumbuyo. Sitinapatsane moni. Ndinangomva akuuza Allal kuti amisiri aja awauze asabwere. Za ntchito yanga sananene kanthu, inenso sindinafunse.

Ndinasendera kutsogolo mpaka pazitsulo. Sindinafune kumuitana, koma pakhosi panandikereketa, ndinatsokomola. Tamou anatukula mutu. Anandidziwa, ndinaona m'maso mwake. Anadzuka, n'kumukankhira mwana kumbuyo ndi phazi, n'kuima pakati pa ine ndi iye. Makutu anagona, mano onse panja, n'kudzuma mpaka ndinamva m'chifuwa mwanga. Ana a banja la ku Fes anathawa akulira.

Bambo wa anawo anandigwira mkono, akuti, "Bwererani kumbuyo, akulu, nyama imeneyi sikukudziwani, ingakupheni." Ndinati, "Inde, mwana wanga, ingandiphedi." Ndinabwerera kumbuyo monga ananenera, ndikuseka, misozi ikutsikira m'ndevu, mpaka munthuyo anasuntha ana ake kuwachotsa pafupi ndi ine.

Bambo ako,
Bouazza